Masamba Apansi

Achemwali anga atamwalira anandisiyira envulopu imodzi basi. Nyumba, mabuku ndi galimoto yawo yotsokomola ija zinatsala ndi alamu ndi ana, ndipo palibe amene anadandaula. Ine ndinalandira envulopu ya khaki yokhala ndi njere za mpiru zosadzaza ngakhale supuni yaing'ono. Njere zimenezo zinawadyera zaka khumi ndi chimodzi. Ankakwatitsa mitundu ya mpiru, kusankha, kutaya, kuyambiranso, mpaka anapeza mtundu wopirira kutentha, wopereka masamba nthawi yaitali usanachite maluwa. Matenda atawagwira, munda wawo woyeserera unauma wopanda woukolola, ndipo njere zimene anasunga m'filiji zinachita nkhungu filijiyo itawonongeka. Zotsala zonse zinali za mu envulopu ija.

Tinkagwira ntchito pamalo amodzi, pa siteshoni yofufuza za mbewu, iwo kumunda, ine ku labu kumene timayeza dothi ndi masamba. Ndili ndi madigiri awiri, ndipo masiku amenewo sindinkalola munthu kuiwala zimenezi. Ndinafesa theka la njere, zinamera zisanu ndi zinayi zokha. Ndinaona kuti zotsalazo zikufera mu envulopu, ndiye ndinafesanso zonse. Pamapeto pake ndinali ndi miphika makumi awiri ndi inayi m'nyumba ya magalasi, ndi envulopu yopanda kanthu m'kabati. Mpiru umenewo ukanafa usanabereke, ntchito ya achemwali ikanathera pomwepo, m'manja mwanga.

Ndinaulera ngati mwana wobadwa masiku osakwana. Utakwanitsa masabata asanu ndinauchotsa m'dothi la kumunda poopa matenda, n'kuuika mumchenga wotsuka katatu. Madzi a pampopi sindinawakhulupirire, ndinkathirira osefedwa a mu labu. Chakudya chake ndinkasakaniza ndekha pa sikelo, feteleza wa yuriya ndi zina ziwiri zitatu. Pachitseko ndinamatapo pepala la zilembo zikuluzikulu loletsa aliyense kulowa. Ngakhale bwana mkulu ankangosuzumira pagalasi.

Masabata atatu atadutsa, timasamba tapamwamba tinayamba kuyezuka. Tinkatuluka tating'ono, tachikasu, topindikira m'kati ngati supuni, m'mphepete mwake muli kofiirira. Masamba apansi anali obiriwira bii, aakulu, onenepa. Ndinachita zimene ndimauza alimi kuti azichita, kutenga masamba kukayeza. Buku la kayezedwe ka masamba limanena momveka kuti uzitenga masamba anthete, amene angotambasuka kumene. Ndimalidziwa bukulo, ndaphunzitsapo nalo anthu. Koma nditaima ndi sizasi pamwamba pa timasamba todwala tija, dzanja linakana. Chomera chilichonse chinali ndi tiwiri kapena titatu tokha, ndipo ndinaona ngati ndikudula zala. Ndinawerama n'kudula masamba apansi asanu ndi limodzi, ndikudziuza kuti tsamba ndi tsamba.

Makina anandiyankha kuti zonse zili bwino. Sulufule, yemwe uja alaliki amatiopseza naye, anali wochuluka mpaka kusefukira. Nayitrojeni yekha ndiye anali wotsikirapo pang'ono. Mtima unakhala pansi, ndinawonjezera yuriya. Patatha sabata timasamba tatsopano tinatuluka toyereratu. Ndinawonjezeranso. Zomera zina zinayamba kutukula timitu ta maluwa, koma m'malo mwa chikasu chowala cha mpiru, maluwawo anali otumbuluka, ndipo ankayoyoka ukangowapumira. Ine chakudya chinasiya kulowa, kunyumba ndinkakalipira ana pa zinthu zopanda pake. Ndinkachita mantha, ndipo ndinalibe womuuza, chifukwa munthu wa madigiri awiri amauza ndani?

Pa labu pathu pali mayi wina amene tonse timangowatchula kuti Mayi Lezala. Anabwera zaka makumi atatu zapitazo kudzatsuka mabotolo, ndipo pa mapepala a ku ofesi mpaka lero ndi wotsuka mabotolo. Dzinalo linabwera chifukwa cha dzanja lawo. Amatenga lezala wamba wometera ndevu, n'kudula tsamba kapena muzu tizidutswa topyapyala moti kuwala kumadutsa, ndipo ukaika pa maikulosikopu, tizipinda ta m'kati mwa chomera, maselo aja, timaoneka tonse bwinobwino. Tili ndi makina odulira ochokera kunja, koma ophunzira akafuna chithunzi chabwino amazembera kwa mayiwa. Ine ndinkawapatsa moni waulemu n'kuwatuma mabotolo.

Lachitatu lina m'mawa ndinakhala pa ndowa yovundikira pakati pa miphika yanga, manja ali m'mutu. Chitseko chinatseguka, Mayi Lezala n'kulowa akupukuta manja pa epuloni.

"Mayi, mwawerenga pachitsekopo?"

"Ndawerenga, a Dokotala. Mwalemba bwino."

Anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa benchi, akutembenuza masamba ndi chala chimodzi. Kenako, ine ndikuona, anatsina katsamba kapamwamba, kamodzi mwa timene ine ndinalephera kudula, n'kukaponya m'kamwa. Magazi anandiwira. Ndinawafunsa ngati akudziwa mtengo wa chimene adyacho, ngati akuyesa kuti muno ndi mumsika, ndi mawu ena amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Iwo ankangotafuna, maso ali kudenga. Atameza anatsina kena pamphika wina n'kundipatsa.

"Tafunani kaye, mundikalipira bwino mukameza."

Ndinatafuna chifukwa chosowa chochita. Sikanamveke kanthu, kanali ngati udzu wonyowa. Anandifunsa ngati ndinadyapo katsamba kanthete ka mpiru kosakwera m'mphuno. Anati kanthete ndiye kamayenera kuluma kuposa lalikulu, munthu mpaka kutuluka misozi, ndipo choluma chimenecho chomera chimachipanga ndi sulufule. Ngati palibe choluma, sulufule sakufika pamwamba. Ndinatulutsa pepala la makina m'thumba n'kuwaonetsa nambala, mwamatama ndithu. Sanalilandire n'komwe.

"Munadula ati?"

"Apansi."

"Chifukwa?"

Ndinawauza zoona, kuti apamwamba ndinawamvera chisoni. Ndinkayembekeza kuti aseka. Sanaseke, anangogwedeza mutu ngati munthu amene wamva yankho loyenera, n'kutenga tsamba limodzi lapansi ndi timasamba titatu tapamwamba. Anandiuza kuti ndiwatsatire, ndipo ndinawatsatira m'labu yanga yomwe ngati mlendo.

Anasinja tsamba lalikulu m'kamtondo ka labu ndi madzi otentha, anasefa, n'kuthira m'kabotolo. Anatsuka kamtondoko, n'kuchita chimodzimodzi ndi timasamba tating'ono tija. M'timabotolo tonse tiwiri anadonthezamo mankhwala amene amachita mbuu akakumana ndi sulufule wosungunuka. Ka tsamba lapansi kanayera nthawi yomweyo ngati madzi otsukira kapu ya mkaka. Ka timasamba tapamwamba kanangokhala mbee, ngakhale atawonjezera madontho. Chomera chimodzi chomwecho, pansi pakhuta, pamwamba pali njala. Makina anga sananame, anayankha molondola funso lolakwika limene ndinawafunsa.

Kenako anatulutsa lezala wawo. Ndinali nditawaonapo akudula, koma ndinali ndisanaime pafupi. Anapinda chidutswa cha tsamba pa chala, anapuma kamodzi, ndipo dzanja linangodutsa. Chimene chinatsala pa lezala sindinachione mpaka atachitsetsereza m'dontho la madzi ofiira pagalasi. Anakonza maikulosikopu, anasuntha, n'kundilozera mpando.

Ndinaona maselo atandandana, ndipo m'kati mwa selo iliyonse munali thumba lamadzi lofiira, lalikulu moti zina zonse zinakankhidwira kukhoma. M'mabuku thumba limeneli timalitcha vakiyolo. Ndinalembapo mayeso za ilo, ndinakhoza bwino, koma ndinali ndisanaliyang'anepo ndikufuna kudziwa zimene lasunga. Mayi Lezala anaima kumbuyo kwanga akufotokoza ndi mawu awo apansipansi. Anati mizu imakoka sulufule m'dothi, iye amakwera ndi madzi m'mitsempha mpaka m'masamba. Wina tsamba limagwiritsa ntchito pomwepo, kumangira thupi lake ndi kupangira choluma chija. Wotsala limamulowetsa m'thumbalo n'kutseka. Sulufuleyo sindingamuone ndi maso, anatero, koma ndi amene wayeretsa madzi m'kabotolo kaja. Masamba anga apansi anadzaza matumba awo m'masabata asanu oyamba aja, mpiru ukadali m'dothi la kumunda.

Anandifunsa zimene zili mumchenga wanga wotsuka katatu, m'madzi anga osefedwa, ndi m'chakudya changa cha pa sikelo. Ndinatchula chimodzichimodzi, ndipo ndisanamalize ndinamva ndekha chimene chikusowa. M'dothi ndi m'madzi a pampopi sulufule amabwera yekha osaitanidwa, ndiye sindinamuganizirepo. Ndinamutsuka ndi manja anga, katatu.

Ndinafunsabe, mwina pofuna kupulumutsako nkhope, kuti ngati apansi ali naye wochuluka chonchi, bwanji sakutumiza pamwamba? Nayitrojeni akasowa, paja masamba akale amapereka msanga kwa anthete.

"Uyu sali ngati nayitrojeni," anatero. "Thumba limeneli lili ndi timakomo, koma timatseguka mwaulesi. Tsamba limakhuthula zenizeni likadziwa kuti nthawi yake yatha. Tsono inu mwalidyetsa yuriya, mwalidyetsanso, likuona ngati silidzakalamba. Likutsegulirenji? Komanso yuriya wanuyo akukankha chomera kuti chitulutse masamba ena, ndipo alionse akufuna sulufule amene kulibe."

Ndiye kuti nthawi zonse ziwiri zimene ndinathira mankhwala ndi mtima wabwino, ndinkawonjezera njala. Ndinakhalabe pa mpando uja, diso lili pa maikulosikopu, osati chifukwa ndinkaonabe kanthu, koma chifukwa sindinkafuna kutembenuka. Iwo anandisiya, anapitiriza kulankhula ngati sakuona. Anasuntha galasi n'kundionetsa mtsempha wa tsamba, ndi maselo oyandikana nawo. Anati choluma cha mpiru chimasungidwa m'maselo ena, chochiyatsa chimasungidwa m'maselo enanso, ndipo ziwirizi sizikumana mpaka dzino la munthu kapena la mbozi litaswa makoma. N'chifukwa chake tsamba losatafunidwa silinunkha. Nthawi yobereka ikafika, chomera chimanyamula zonsezi m'mitsempha n'kupititsa ku njere, kuti kambewu kadzamere kali ndi kamba ndi chida chomwe. Ankanena izi akumwetulira ngati akukamba za mnansi wanzeru, ndipo ndinachita nsanje. Zaka zonsezi ine ndinkawotcha masamba m'makina n'kulemba manambala, mayiwa ankawadziwa masambawo.

Mankhwala ake anali pashelefu yanga yomwe, botolo la mchere woyera wa sulufule limene ndinkalidutsa tsiku lililonse. Tinasungunula pang'ono m'madzi, a pampopi ulendo uno, n'kuthirira. Thumba la yuriya Mayi Lezala analinyamula okha n'kukalitsekera m'sitolo, ati kuti chikondi changa chisalipeze. Pepala la pachitseko ndinalichotsa ndekha madzulo ake, palibe amene anandiuza.

Zomera zisanu ndi ziwiri zinali zitapitirira kale. Maluwa ake anayoyoka onse, timakoko tochepa timene tinagwira tinali topanda kanthu m'kati. Ndinkazizula chimodzichimodzi, ndipo chilichonse chinkandipweteka. Koma pa zina khumi ndi zisanu ndi ziwiri, patatha masiku asanu ndi atatu, pakati penipeni panatuluka katsamba kobiriwira. Ndinathamanga kukawaitana Mayi Lezala ngati mwana wasukulu. Anabwera osafulumira, anayang'ana, anati kali bwino koma ndisayambe kuvina. Maluwa otsatira anatuluka achikasu chenicheni. M'nyumba ya magalasi mulibe njuchi, choncho m'mawa uliwonse tinkayenda awiri ndi timaburashi tojambulira, kusisita duwa ili ndi ilo kuti tisamutse mungu. Iwo ankamaliza benchi yonse ine ndikadali pa chomera chachitatu, ndipo ankandifunsa ngati ndikulipenta.

Timakoko titayamba kutupa, masamba apansi anayamba kuchita chikasu. Mtima unadumphanso, ndinaganiza kuti matenda abwerera. Mayi Lezala anati ayi, tsopano ndiye akutsegula. Tsamba lililonse linkayezuka kuchokera m'mphepete, kufota, kulendewera, ndipo benchi yonse inkaoneka ngati ya munthu waulesi. Sabata yomweyo bwana mkulu analandira uthenga woti kukubwera alendo odzaona ntchito za siteshoni. Anazungulira paliponse akuloza zoti zipentedwe ndi zoti zibisidwe. Atafika pa mpiru wanga anakwinya nkhope, n'kulamula kuti masamba onse ofota athotholedwe lisanafike Lachisanu, chifukwa alendo asaone ngati tikulephera kusamala mbewu.

Ndinayamba kufotokoza, koma bwana wathu akamva mawu aatali amayang'ana wotchi. Ananena kuti atumiza anthu a kumunda mawa m'mawa, n'kutembenuka. Mayi Lezala anali pakhomo, kiyi wa nyumba ya magalasi ali m'manja.

"Bwana, masamba amenewa akugwira ntchito. Akusamutsira katundu ku njere. Akamaliza agwa okha, ndidzasesa ine."

Bwana anati iye sakukambirana ndi munthu. Mayiwa anavomera mwaulemu kuti n'zoona, anatseka chitseko, n'kulowetsa kiyi m'thumba la epuloni. Anawonjezera kuti alendo akafuna kudziwa chifukwa chake masamba ali chonchi, a Dokotala awafotokozera, paja ali ndi madigiri awiri. Bwana anayang'ana ine, anayang'ana thumba la epuloni lija, anaona kuti palibe njira yaulemu yolowetsamo dzanja. Anachoka akung'ung'udza. Lachisanu alendo anawadutsitsa njira ina, ya ku tomato.

Ine sindikanatha kuchita zimenezo. Ndikanalemba kalata yamasamba atatu, n'kufika nayo mpiru atauthothola kale. Ndinawauza mayiwa zimenezi, iwo anangoti munthu amene watsala zaka ziwiri kuti apume pantchito saopa zambiri, ndipo ndipite ndikatsuke timaburashi.

Masamba apansi anagwa okha, limodzi lero, awiri mawa, opepuka ngati pepala. Ndinatola angapo n'kukawayeza, ulendo uno chifukwa chongofuna kuona. Sulufule wambiri uja anali atachokamo. Timakoko tinasanduka takhaki, tinayamba kulira tikagwedezeka. Tinadula mitu yonse, tinaiika m'matumba a pepala, tinaipachika m'sitolo masabata awiri. Tsiku lopuntha tinayala nsalu yoyera patebulo la mu labu, n'kumafikisa timakoko m'manja, kuuzira mankhusu, njere n'kumagubuduka. Zinadzaza kapu ya tiyi ndi theka. Tinaika makumi awiri pa pepala lonyowa kuti tione ngati zili zamoyo, ndipo pa tsiku lachinayi khumi ndi zisanu ndi zitatu zinali zitatulutsa kamuzu koyera.

Masana a tsiku limenelo tinakhala pansi kuti tigawe njere m'maenvulopu atatu, oti akasungidwe malo atatu osiyana. Ine ndinkayeza pa sikelo, iwo ankagwira envulopu. Ndinali ndi mawu othokoza amene ndinawakonza sabata yonse, koma atafika pakamwa anatuluka ena. Ndinati achemwali akanaona zimene ndinachita ndi mpiru wawo, sakanandikhululukira. Ntchito ya zaka khumi ndi chimodzi ndinatsala pang'ono kuipha m'miyezi iwiri, ndipo zomera zisanu ndi ziwiri zija zimandibwererabe m'mutu.

Mayi Lezala anapinda kukamwa kwa envulopu, anaisindikiza ndi chala, n'kuiika pambali.

"Zisanu ndi ziwiri? Achemwali anu chaka chawo choyamba anapha makumi atatu."

Ndinasiya supuni.

"Mchenga wotsuka, yuriya, masamba apansi, zonse chimodzimodzi. Nawonso anati apamwamba anawamvera chisoni. Tinatha chaka chonse awiri tikufufuza chimene chinachitika, iwo akuwerenga mabuku mokweza, ine ndikudula. Anandilumbiritsa kuti ndisadzauze munthu, makamaka mlongo wawo wa ku yunivesite uja, chifukwa azidzawaseka mpaka ukalamba."

Ndinawafunsa chifukwa chake akuphwanya lumbirolo lero.

"Chifukwa tsopano simungawaseke, achimwene."

Koma ndinaseka. Ndinawaona achemwali ataima ndi sizasi, nkhope yawo yaukali ija, akulephera kudula katsamba, ndipo ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Sindikudziwa pamene kusekako kunasinthira. Chiyambire maliro a achemwali ndinali ndisanalire, ndinali wotanganidwa ndi mchenga. Mayi Lezala anatambasula dzanja n'kukokera mbale ya njere kumbali yawo kuti isanyowe.